Musanapange app, pezani kaye anthu khumi

Anzathu angapo amene sanathe kubwera kumsonkhano wathu wa Loweruka lapitali apempha kuti tiike pano zomwe mlendo wathu anayankhula. Mlendoyu ndi mchimwene wathu wa konkuno ku Mzuzu, ndipo ntchito yake ndi yopanga mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta. Tazilemba monga momwe anayankhulira, tangodula moni ndi nthabwala zina.

Zikomo a tcheyamani ndi komiti yonse pondiitana. Ndiyankhula m'Chichewa kuti tonse timvane, chifukwa ndaona kuti muno muli a ku Karonga, a ku Chitipa, a ku Nkhata Bay, komanso ena a kumwera amene sukulu inawabweretsa kuno kudzazizidwa nafe.

Ndiyambe ndi funso. Amene muli ndi ganizo la app kapena bizinesi ina iliyonse ya pa foni, kwezani dzanja. Eya, pafupifupi theka la holo. Tsitsani. Tsopano amene munalandirapo ndalama chifukwa cha ganizo lanulo, kuchokera kwa munthu woti si m'bale wanu, si mnzanu, si wa kutchalitchi kwanu, kwezani. Mwaona? Manja atatu okha. Nkhani yanga ya lero ili pakati pa manja ambiri aja ndi manja atatuwa.

Pa chingerezi pali mawu amene mumawamva kawirikawiri m'maphunziro a bizinesi, akuti traction. Musavutike nawo. Nonse munaonapo galimoto itatitimira m'matope ku Mchengautuwa kapena ku Chiputula nthawi ya mvula. Injini ikulira kwambiri, matayala akuzungulira, utsi uli tolotolo, anthu akuonerera, koma galimoto ili pomwepo. Ndiye amabwera anyamata n'kuika miyala ndi nthambi pansi pa tayala, tayala lija n'kugwira, galimoto n'kusuntha. Kugwira kumeneko ndiye traction. Pa bizinesi, tayala limagwira pamene anthu osakudziwani ayamba kugwiritsa ntchito chinthu chanu, n'kubweranso mawa popanda kuwakumbutsa, n'kulipira, kenako n'kuuzako anzawo. Zina zonse, logo yokongola, ma like a pa Facebook, chithunzi muli pa siteji mutanyamula cheke chachikulu cha katoni, ndi phokoso la injini basi.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Nditamaliza sukulu, ine ndi mnzanga tinaona vuto lenileni. Ophunzira a ku Mzuni ambiri amakhala kunja kwa kampasi, ndipo semesita ikamayamba amavutika kupeza nyumba. Amayenda khomo ndi khomo ku Luwinga chikwama chili kumsana, ena amaberedwa ndi anthu onama kuti ali ndi chipinda. Tinati basi, tipange app yoti landilodi aziika chipinda chake, wophunzira azisankha ali kwawo ku Mulanje. Tinakhala miyezi isanu ndi umodzi tikulemba code usiku, magetsi akazima tikumasamukira kwa mnzathu wa sola. Tinaikamo mapu, tinaikamo nyenyezi zoti anthu azivotera nyumba, tinaikamo ngakhale pochezera. Tsiku loikhazikitsa tinagula zakumwa, tinajambulitsa, anzathu anatiyamikira kwambiri pa Facebook.

Patatha mwezi, mu app muja munali zipinda zinayi. Ziwiri mwa izo zinali za azakhali anga.

Chinalakwika n'chiyani? Pa miyezi isanu ndi umodzi yonse ija sitinakhalepo pansi ndi landilodi ngakhale mmodzi. Titapita kukawafunsa, mochedwa, tinapeza kuti ambiri ndi amayi ndi abambo achikulire okhala ndi kafoni ka mabatani. Amene anali ndi foni yaikulu anati, mwanawe, ine bandulo yanga ndi ya WhatsApp yokha, ndipo foni yadzadza ndi zithunzi za adzukulu, malo oika chinthu chako mulibe. Mayi wina anatiuza mawu amene sindidzawaiwala. Anati zipinda zake sizisowa anthu, chimene chimamupweteka mutu n'choti ana amathawa osamaliza lendi. Ife tinkathetsa vuto la wophunzira, koma tinkayembekezera kuti adzalipira ndi landilodi, amene vuto lake linali lina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinadya phula la miyezi isanu ndi umodzi.

Semesita yotsatira tinasiya app ija. Tinatenga kope, foni imodzi yojambula bwino, n'kuyenda wapansi. Tinkagogoda, kupempha kuona chipinda, kujambula tokha, kulemba mtengo, kufunsa ngati pali madzi, ngati mita ya magetsi ndi yapayokha, ngati kuli mpanda. Madzulo tinkaika zithunzizo pa gulu la WhatsApp. Wophunzira akakonda chipinda, mmodzi wa ife ankamuperekeza, ndipo akagwirizana ndi mwini nyumba ankatipatsa kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Munalibe code ngakhale mzere umodzi. Koma kwa nthawi yoyamba anthu osatidziwa anatipatsa ndalama, ndipo semesita inayo anabwera ndi anzawo.

Mwina wina akuti, aaa, zimenezo si za tekinoloje, ndi udobadoba chabe. Mvetserani. Kampani ya Airbnb, imene lero ili m'maiko ambiri padziko lapansi, inayamba chimodzimodzi. Mu 2009 zinthu zisakuyenda, eni ake ananyamuka ku California kupita ku New York, kumene kunali makasitomala awo ochepawo, n'kumayenda nyumba ndi nyumba kujambula okha zithunzi za zipinda, chifukwa zithunzi zomwe eni nyumba ankaika zinali zosaoneka bwino. Amene ankawalangiza, a Paul Graham a ku Y Combinator, anadzalemba nkhani yotchuka mu 2013 yolimbikitsa oyamba kumene kuti azichita ndi manja zinthu zomwe sangadzathe kuchita akadzakhala ndi makasitomala miliyoni. Chifukwa chake n'chosavuta. Ukamagwira wekha ntchitoyo, umaona ndi maso ako pamene kasitomala akukakamira, ndipo ukadzayamba kulemba code umalemba chinthu chimene chikufunikadi.

Ndiye phunziro loyamba ndi limenelo. Makasitomala khumi oyamba sabwera okha. Mumakawatenga mmodzimmodzi, ndi miyendo yanu, ndipo muyenera kuwadziwa mayina ndi kumene amakhala.

Lachiwiri, yambani pamalo pang'ono. Achinyamata ambiri ndikawafunsa kuti kasitomala wako ndani, amati Amalawi onse. Ukafuna onse supeza aliyense. Facebook imene tikuidziwayi itayamba mu February 2004 inali ya ophunzira a pa yunivesite ya Harvard okha. Itagwira pamenepo m'pamene inapita ku mayunivesite ena, ndipo anthu wamba analoledwa kulowa patatha zaka zoposa ziwiri. Pamalo pang'ono mbiri imayenda msanga, chifukwa anthu ake amadziwana ndipo amakumana tsiku ndi tsiku. Ife kuno tili ndi mwayi umenewu. Mzuzu ndi mzinda woti ukachita bwino ku Katoto, mawa ku Chibavi amva. Ukachitanso zachinyengo amva chimodzimodzi. Choncho musanene kuti ndikufuna kuthandiza amalonda a m'Malawi. Nenani kuti ndikufuna kuthandiza amayi makumi awiri ogulitsa zitenje mu Taifa Market amene amakatenga katundu ku Tanzania. Musanene kuti alimi onse. Nenani kuti alimi a tomato a ku Jenda amene amagulitsa ku Zigwagwa. Mukatero mudziwa kopita Lolemba m'mawa.

Ndikupatseni zitsanzo za konkuno kwathu, kuti musamaganize kuti izi ndi za ku America zokha. Mu 2008 wophunzira wina wa ku yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anabwera ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi laputopu imodzi ndi mafoni 100 akale. Anthu odzipereka othandiza odwala m'midzi ankayenda mitunda italiitali, wapansi kapena pa njinga, kungokapereka uthenga kuchipatala. Iye sanapange app ya foni yapamwamba. Anagwiritsa ntchito pulogalamu yomwe inalipo kale, ya FrontlineSMS, n'kuphunzitsa anthu aja kutumiza uthenga wa SMS wamba. Chipatala chimodzi, vuto limodzi, foni za mabatani. Ntchito imeneyo inadzabala bungwe la Medic Mobile, lomwe pano limangotchedwa Medic, ndipo zida zake zikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku Asia. Koma zinayambira pa Namitete pompa.

China ndi Chipatala cha pa Foni. Ambiri mumaidziwa nambala ya 54747. Bungwe la VillageReach linayamba ntchito imeneyi mu 2011 m'boma limodzi lokha, la Balaka, ndipo poyamba inali ya amayi oyembekezera ndi ana aang'ono basi. Itaoneka kuti anthu akuimbadi, inafalikira m'maboma ena, inayamba kuyankha za matenda osiyanasiyana, kampani ya Airtel inalowapo, mpaka Unduna wa Zaumoyo unaitenga kukhala ya dziko lonse. Onani ndondomeko yake. Boma limodzi kaye, gulu limodzi la anthu kaye, kenako kukula.

Pa zitsanzo ziwirizi pali phunziro lachitatu. Pitani kumene anthu ali kale. Mmalawi wamba amadziwa kuimba foni, amadziwa SMS, amadziwa kudina *211# kapena *444#, ndipo amene ali ndi foni yaikulu amakhalira pa WhatsApp ndi Facebook. Mukamuuza kuti apite ku Play Store, atsitse chinthu cholemera, alembetse ndi imelo imene anaiwala pasiwedi yake, mwamuika mitsinje itatu yoti awoloke asanaone n'komwe ubwino wa chinthu chanu. Ambiri abwerera pa mtsinje woyamba. App idzabwera nthawi yake, pamene ntchito ya pa WhatsApp yakuchulukirani moti simukugona. Imeneyo ndiye nthawi yabwino yolemba code, chifukwa mukudziwa bwinobwino chimene mukufuna kuti kompyuta ikuchitireni.

Lachinayi, yang'anani zomwe anthu akuchita, osati zomwe akunena. Ife Amalawi ndife aulemu. Mukaonetsa munthu ganizo lanu, adzati zili bwino kwambiri, pitirizani, Mulungu akudalitseni. Sakunama, akungokulemekezani. Funso loti kodi mungagwiritse ntchito chinthu chotere silithandiza. Funsani kuti, komaliza kukumana ndi vutoli linali liti? Munatani? Zinakudyerani ndalama zingati? Ngati munthu sanayesepo n'kamodzi komwe kulithetsa, ndiye kuti vutolo silimupweteka kwenikweni. Ndipo mukaona anthu akugwiritsa ntchito chinthu chanu mwanjira imene simunaiganizire, musakwiye, atsatireni. M-Pesa ya ku Kenya, imene ili ngati kholo la Airtel Money ndi Mpamba, poyesedwa mu 2005 cholinga chake chinali choti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono kudzera pa foni. Oyendetsa ntchitoyo anaona kuti anthu akuitembenuza n'kumatumizirana ndalama okhaokha. Pomwe Safaricom inkaikhazikitsa mu 2007, uthenga wake unali wasintha, unali woti tumizani ndalama kumudzi. Makasitomala ndi amene anawaonetsa bizinesi yeniyeni.

Tsopano tikambe za manambala, chifukwa apa m'pamene ambiri timadzinamiza. Pali manambala okoma kuwaona ndi manambala onena zoona. Otsatira tsamba lanu, anthu amene atsitsa app, anthu amene alowa m'gulu la WhatsApp, amenewo ndi chikomekome cha mkuyu. Ine ndikupemphani kuti Lamlungu lililonse madzulo muzilemba manambala atatu okha m'kope. Loyamba, ndi anthu angati amene agwiritsadi ntchito chinthu changa sabata ino? Lachiwiri, mwa amene anagwiritsa ntchito sabata yatha, abweranso ndi angati? Lachitatu, alipira ndi angati? Nambala yofunika kwambiri ndi yachiwiriyo. Tiyerekeze kuti sabata iliyonse mukupeza anthu 50 atsopano koma obweranso ndi awiri okha. Pamenepo mukutunga madzi ndi dengu, ndipo kuwonjezera ndalama zotsatsa malonda n'kungothamanga kwambiri ndi dengu lomwelo. Koma ngati muli ndi anthu 15 okha ndipo 10 mwa iwo amabweranso sabata iliyonse, muli ndi chinthu chamoyo. Chisamaleni.

Za kulipiritsa, musachite manyazi. Lipiritsani kuyambira tsiku loyamba, ngakhale kangachepe. Munthu akatulutsa K500 wakuuzani zoona kuposa anthu 100 okuyamikirani. Mukayamba ndi zaulere, tsiku lodzaika mtengo mudzapeza kuti munalibe makasitomala, munali ndi owonerera. Komanso muziwerengera bwino. Ngati pa kasitomala mmodzi mumapeza K2,000, koma kuti mumupeze mumawononga K1,500 pa kabaza ndi mayunitsi, kuonjezapo yodulidwa potapa ndalama kwa ejenti, ndiye kuti mukugwira ntchito yaulere, pokhapokha ngati kasitomalayo adzabweranso kangapo. Ndipo kumbukirani kuti zinthu zambiri za pa intaneti, monga malo osungira webusaiti, timalipira m'madola pomwe ife timalandira makwacha. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, amene tinali ndi mabilu a madola tinadzuka m'mawa ndalama zolipira zitakwera pomwe makasitomala ali omwewo. Choncho musalembetse zinthu zodula musanazifune.

Ndinenepo za mpamba, chifukwa ndikudziwa kuti funso limeneli likubwera. Ambiri mumati ndikanakhala ndi mpamba ndikanayamba. Timawerenga nkhani ngati ya Paystack ya ku Nigeria, imene Shola Akinlade ndi Ezra Olubi anayambitsa mu 2015, ndipo kampani ya Stripe inaigula mu 2020 pa mtengo woposa madola 200 miliyoni, ndiye timaganiza kuti chinsinsi ndi kupeza wokupatsa ndalama. Koma ndalama zimatsatira makasitomala. Woika ndalama aliyense wanzeru, kaya ndi mzungu, kaya ndi amalume anu, kaya ndi banki m'khonde, adzafunsa kuti alipo amene akugula? Mukamuonetsa kope lija la manambala atatu, miyezi itatu yotsatizana, mwayankha kale.

Sindikunena kuti musapite ku mipikisano kapena ku maphunziro. Pitani. Konkuno tili ndi Mzuzu E-Hub imene anayambitsa mayi Wangiwe Kambuzi, ku Lilongwe kuli mHub imene anayambitsa mayi Rachel Sibande. Malo ngati amenewa ndi ofunika. Mumapezako intaneti, aphunzitsi, ndi anzanu oti muziganiza nawo limodzi, pajatu mutu umodzi susenza denga. Chimene ndikukuchenjezani ndi matenda amene ndinadwalapo inenso, oyendayenda m'misonkhano ndi ganizo lomwelo chaka chonse, masatifiketi kudzadza khoma, kasitomala wopanda ngakhale mmodzi. Ukaluza mpikisano koma uli ndi makasitomala 30 olipira, uli patsogolo kuposa amene wapambana alibe ndi mmodzi yemwe.

Nanga tayala likagwira, kukula kumabwera bwanji? Njira zimene ndaziona zikugwira ntchito kuno ndi zitatu. Yoyamba ndi pakamwa. Kasitomala wokhutira mufunseni mwachindunji kuti, mayi, alipo mnzanu amene ali ndi vuto ngati lomweli? Mungandiperekeze? Munthu wobwera ndi mnzake amakhulupirira msanga kuposa woona chotsatsa pa Facebook. Yachiwiri ndi kudzera mwa anthu amene ali kale ndi gulu m'manja, monga tcheyamani wa msika, mlembi wa banki m'khonde, wapampando wa siteji ya kabaza, kapena kopaletivi ngati za alimi a khofi zimene zili pansi pa Mzuzu Coffee. Mukamukhutiritsa mmodzi ameneyo, wakutsegulirani khomo la anthu makumi angapo. Koma mupite ndi ulemu, ndipo muonetse chimene gulu lake lipindule. Yachitatu ndi kusamukira pafupi. Mukagwira ku Luwinga, pitani kwa ophunzira a sukulu ina ya mumzinda momwemu, kenako Ekwendeni, kenako Rumphi kapena Nkhata Bay. Musalumphire ku Blantyre chifukwa choti kuli anthu ambiri. Kumeneko simudziwa aliyense, ndipo chinthu chikavuta simungakwere kabaza n'kukachikonza.

Zikayamba kuyenda, konzani mapepala. Lembetsani bizinesi, tengani TPIN ku MRA, siyanitsani ndalama za bizinesi ndi za ndiwo. Sukulu, chipatala kapena bungwe silingakulipireni pa nambala ya foni ya dzina lanu. Ndipo ngati muli awiri kapena atatu, lembani pa pepala kuti aliyense gawo lake ndi lotani ndalama zisanabwere. Ine ndi mnzanga uja sitinalembe. Titayamba kupeza kangachepe tinakangana kuti wagwira ntchito yambiri ndani, ndipo bizinesi ija inathera pomwepo, osati chifukwa chosowa makasitomala. Tinadzagwirizananso patapita nthawi, koma gulu la WhatsApp lija linali litafa kale, ndipo ena anali atatenga malo athu.

Chomaliza ndi kukhulupirika. Anthu athu anaberedwapo kwambiri pa foni, ndi mauthenga onama aja oti ndatumiza ndalama molakwitsa, ndi anthu olandira ndalama n'kuzimitsa foni. Ndiye munthu akamakayika kukutumizirani ndalama musamuone ngati wotsalira, ali ndi chifukwa. Onetsani nkhope yanu, nenani kumene mumapezeka, yankhani foni ngakhale pamene mwalakwitsa, ndipo zikavuta bwezani ndalama musanafunsidwe kawiri. Mumzinda waung'ono ngati wathu, munthu mmodzi amene munamubwezera ndalama zake adzakubweretserani anthu ambiri kuposa chikwangwani cha pa Katoto.

Ndikusiyireni ntchito, a tcheyamani mundithandize kulondoloza. Aliyense amene anakweza dzanja poyamba paja, sabata ino asatsegule laputopu. Apeze anthu khumi amene akuganiza kuti ali ndi vuto limene akufuna kuthetsa, osati abale, osati anzake. Akhale nawo pansi, awafunse mafunso atatu aja, komaliza linali liti, munatani, zinakudyerani zingati, ndipo alembe mayankho m'kope. Kenako asankhe mmodzi mwa khumiwo, amuthetsere vutolo ndi manja, ndi foni imene ali nayo m'thumba, n'kumupempha kuti alipire kangachepe. Mukadzakumananso mwezi wamawa ndidzabwera, ndipo ndidzafunsanso funso lachiwiri lija. Ndikufuna ndidzaone manja oposa atatu.

 

Komiti ikukumbutsa mamembala onse amene avomera ntchitoyi kuti adzabwere ndi makope awo kumsonkhano wa mwezi wamawa. Amene muli ndi mafunso kwa mlendo wathu, alembeni m'munsimu, tidzamupatsira.